Mphunzitsi Wochokera Kunja: Zimene Mbiri ya m'Mbali mwa Nyanja Ikuphunzitsa

Pa 10 Novembala 1911, ku Cóbuè, kumpoto kwa Metangula moyang'anizana ndi chilumba cha Likoma, msilikali wa Chipwitikizi anawombera ndi kupha Arthur Douglas, wansembe wa ku England amene anali mkulu wa koleji yophunzitsa aphunzitsi ya St Michael. Mkangano wawo unayambira pa anthu a m'mudzi, kuphatikizapo atsikana, amene msilikaliyo anawagwira ndipo amishonale ankafuna kuti amasulidwe. Patangopita nthawi yochepa kolejiyo inasamutsidwira ku Likoma, m'manja mwa boma la Angerezi, ndipo gombe la kuno linataya sukulu yake yosula aphunzitsi.

Nkhaniyi ndi yakale, komanso mikangano yambiri ya aphunzitsi ochokera kunja sifika pamenepo. Koma ikusonyeza chinthu chimene chilipobe mpaka lero. Mphunzitsi wochokera dziko lina amagwira ntchito pakati pa maulamuliro awiri kapena atatu, ndipo maulamulirowo akasemphana, amene amaluza kwambiri ndi ophunzira. Aphunzitsi a m'makalasi a zilankhulo ziwiri m'boma la Lago amakumana ndi alendo otere m'masemina, m'makoleji a aphunzitsi ndi m'mapulojekiti a mabungwe. Kudziwa kumene mikanganoyi imachokera kumathandiza kuiwona isanakule.

Aphunzitsi oyamba ochokera kutali

Sukulu zoyamba za m'mbali mwa nyanja ino zinabwera ndi mishoni ya Anglican yotchedwa UMCA. William Percival Johnson anafika kunyanja kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, ndipo mu 1885 mishoni inakhazikika pa Likoma. Johnson ankayendera midzi ya m'gombe pa sitima ya Charles Janson, n'kumasiya mphunzitsi m'mudzi uliwonse umene mfumu yavomera. Mu 1901 inayamba kuyenda sitima yaikulupo ya Chauncy Maples, imene inapangidwa ku Glasgow n'kubwera m'zidutswazidutswa, ndipo m'kati mwake munali chipinda chophunzirira anyamata okonzekera uphunzitsi.

Azungu a mishoniyi sankalandira malipiro a pamwezi. Ankapatsidwa chakudya, pogona ndi ndalama zokwana mapaundi 20 pa chaka zogulira zovala ndi tinthu tina, ndipo ankayenera kukhala osakwatira. Malungo anapha ambiri mwa iwo asanathe zaka zochepa, ena n'kubwezedwa kwawo atadwala. Motero sukulu imodzi inkatha kusintha oyang'anira kangapo m'nthawi yaifupi, aliyense ndi maganizo ake.

Si onse ochokera kunja amene anali Azungu. Mishoni inabweretsanso aphunzitsi achikuda amene inawaphunzitsa ku Zanzibar, ambiri mwa iwo opulumutsidwa ku ukapolo ali ana. Wodziwika kwambiri ndi Augustine Ambali, amene anakhala zaka zambiri ku Messumba, malo amene mabuku akale amawalemba kuti Msumba. Ambali anafika osadziwa Chinyanja, koma anachiphunzira, n'kumaphunzitsa ana m'chilankhulocho. Anadzozedwa unsembe mu 1906, atagwira ntchito kunyanja pafupifupi zaka 20, pamene Mzungu wobwera kumene ankafika ali kale ndi udindo woyang'anira anthu odziwa malowa kumuposa. Pamenepa ndi pamene panayambira funso limene silinathe mpaka pano: kodi udindo umatsata kudziwa ntchito, kapena umatsata kumene munthu wachokera?

Koleji imodzi, mabwana awiri

Pangano la mu 1891 pakati pa Britain ndi Portugal linaika gombe la kum'mawa m'manja mwa Apwitikizi, koma zilumba za Likoma ndi Chizumulu zinatsala kwa Angerezi. Portugal inapereka dera lalikulu la kumpoto kwa Mozambique ku kampani yotchedwa Companhia do Niassa, imene inkatolera msonkho ndi kuika asilikali ake m'malo monga Metangula ndi Cóbuè. Koleji ya St Michael inatsegulidwa ku Cóbuè chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890, kutanthauza kuti inali pa nthaka ya Apwitikizi koma inkalamulidwa ndi bishopu wokhala pa chilumba cha Angerezi.

Aphunzitsi a pakolejiyo ankamvera bishopu pa nkhani za ntchito, koma pa nkhani za malo, za msonkho ndi za chitetezo cha ophunzira awo ankayang'anizana ndi akuluakulu a kampani, amene sankalankhula nawo chilankhulo chimodzi komanso ankawakayikira kuti ndi maso a boma la Britain. Panalibe munthu kapena ofesi imene mbali zonse ziwiri zinkaivomereza kuti iweruze pakabuka nkhani. Imfa ya Douglas inachitika m'mpata umenewo.

Zotsatira zake zinakhala nthawi yaitali. Mnyamata wa ku Messumba kapena ku Ngoo wofuna uphunzitsi ankayenera kuwoloka nyanja kukaphunzira m'dziko la Angerezi, n'kubwerera kudzaphunzitsa m'dziko la Apwitikizi. Ankabwera akudziwa Chinyanja cholemba ndi Chingerezi pang'ono, koma boma la kwawo linkafuna chilankhulo china.

Malamulo a 1929 ndi nkhani ya chilankhulo

Mu 1929 ulamuliro wa Companhia do Niassa unatha, boma la Portugal n'kutenga Niassa m'manja mwake. Chaka chomwecho boma la atsamunda linakhazikitsa malamulo okhwima okhudza sukulu za mishoni. Maphunziro onse ankayenera kuchitika m'Chipwitikizi, ndipo zilankhulo za makolo zinkaloledwa pophunzitsa zachipembedzo zokha. Mphunzitsi ankayenera kukhala ndi chiphaso chovomerezedwa ndi boma. Kenaka pangano la pakati pa Portugal ndi Vatican la mu 1940, pamodzi ndi Estatuto Missionário ya mu 1941, zinapereka maphunziro a ana achikuda m'manja mwa mpingo wa Katolika, ndipo mishoni zina zinatsala zikugwira ntchito mongololedwa.

Kwa aphunzitsi a Chingerezi a ku Messumba izi zinasintha ntchito yonse. Munthu amene anathera zaka akuphunzira Chinyanja tsopano ankafunika Chipwitikizi chokwanira kukonzekeretsa ana mayeso a boma. Chingerezi chake, chimene tsidya lina la nyanja chinali chuma, kuno chinkangowonjezera kukayikiridwa. Aphunzitsi a m'midzi amene anasulidwa ku Likoma anapezeka kuti zimene anaphunzira sizikukwanira pamaso pa woyendera sukulu wa boma.

Nkhondo yomenyera ufulu itafika ku Niassa mu Sepitembala 1964, kukayikirako kunakula. Metangula inali ndi malo a asilikali a panyanja a Apwitikizi, ndipo Messumba ili pafupi. Apolisi achinsinsi a PIDE ankaiwona mishoniyo ngati chisa cha FRELIMO. Wansembe John Paul, amene anagwira ntchito ku Messumba m'zaka zimenezo, analemba buku lofotokoza nthawiyo limene linatuluka mu 1975. Chimene chimawonekera m'mbiri imeneyi n'chakuti zinthu zikavuta, mlendo ankatha kuchoka kapena kuthamangitsidwa, pamene mphunzitsi wa m'mudzi ankamangidwa kapena kuthawira ku Likoma ndi ku Tanzania. Onse ankagwira ntchito pa sukulu imodzi, koma chiopsezo chawo sichinali chofanana.

Nthawi ya ma cooperante

Dziko litalandira ufulu, boma linatenga sukulu zonse m'manja mwake pa 24 Julaye 1975. Aphunzitsi ambiri a Chipwitikizi anachoka, ndipo m'sukulu za sekondale munatsala mipata yambiri. Boma linaitana akatswiri ochokera m'maiko osiyanasiyana, monga Portugal, Brazil, Chile, Britain, Netherlands, maiko a Scandinavia, Cuba ndi maiko a kum'mawa kwa Ulaya. Anthuwa ankatchedwa ma cooperante. Ambiri ankasaina mgwirizano wa zaka ziwiri ndi boma, ndipo ankagwira ntchito pansi pa oyang'anira a ku Mozambique.

Apa zinthu zinatembenuka. Kale mlendo ndiye anali bwana, koma tsopano bwana anali Mmozambique, nthawi zina wachinyamata amene anangomaliza makalasi ochepa a sekondale, akuyang'anira munthu wa digiri. Oyang'anira ena ankaopa kudzudzula mlendo, ena ankamudzudzula mopitirira kuti awonetse mphamvu. Alendo ena anaphunzira kumvera ndi kufunsa, ena ankafuna kuchita zonse okha poganiza kuti ndi njira yachangu.

Nkhani ya ndalama nayo inkapweteka. Ma cooperante ambiri ankalandira gawo la malipiro awo m'ndalama zakunja, zimene zinkawalola kugula m'masitolo apadera otchedwa loja franca pa nthawi imene mashelufu a m'masitolo wamba anali opanda kanthu. Ngakhale pakati pa alendo okhaokha panali kusiyana, chifukwa wotumizidwa ndi bungwe lolemera ankalandira zambiri kuposa amene analembedwa ndi boma mwachindunji. Aphunzitsi awiri ankatha kuphunzitsa phunziro limodzi m'makalasi oyandikana, wina akudya bwino, wina akufola pamzere. Chidani cha mtundu umenewu sichinkalembedwa m'malipoti, koma chinkalowa m'misonkhano ya aphunzitsi.

Tsidya lina la nyanja

Ku Malawi, kumene Chingerezi ndi chilankhulo cha boma, aphunzitsi ochokera kunja anali ochuluka kwambiri, ndipo mbiri yawo ikuwonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Paul Theroux, amene pambuyo pake anatchuka ndi kulemba mabuku, anabwera ndi Peace Corps ya ku America n'kuphunzitsa Chingerezi ku Soche Hill ku Blantyre. Mu 1965 anathamangitsidwa chifukwa chothandiza David Rubadiri, amene anasemphana ndi Dr. Hastings Kamuzu Banda pa mkangano wa nduna wa mu 1964. Landeg White, amene ankaphunzitsa Chingerezi pa Yunivesite ya Malawi, anapitikitsidwa mu 1972. Kwa onsewa, chilolezo chokhala m'dziko chinkadalira chifuniro cha andale, ndipo ophunzira awo anatsala pakati pa chaka opanda mphunzitsi.

Chitsanzo china ndi Kamuzu Academy ku Mtunthama m'boma la Kasungu, imene inatsegulidwa mu 1981. Dr. Banda ankafuna kuti paziphunzitsa aphunzitsi ochokera kunja okhaokha, makamaka ku Britain, ndipo ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki m'malo amene Chichewa chinalibe ulemu. Aphunzitsiwo ankakhala m'nyumba zabwino ndi malipiro abwino, koma zonse zinkadalira munthu mmodzi. Banda atachoka pampando mu 1994, ndalama zinachepa, ndipo sukuluyo inayamba kudalira fizi ya makolo ndi kulemba ntchito aphunzitsi a ku Malawi. Uthenga umene ana ambiri anatenga m'zaka zimenezo unali wakuti mphunzitsi weniweni ndi wochokera kutali, ndipo chilankhulo cha kunyumba n'chosafunika m'kalasi. Maphunziro a zilankhulo ziwiri amalimbana ndi maganizo omwewa.

Kubwerera kwa Chingerezi

Mozambique inalowa mu Commonwealth mu 1995, ngakhale kuti sinalamulidwepo ndi Britain. Maiko onse oyandikana nayo amagwiritsa ntchito Chingerezi, ndipo kufunika kwa chilankhulochi pa malonda ndi pa maphunziro kunakula. Peace Corps inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 1998, ndipo pakati pa odzipereka ake oyamba panali aphunzitsi a Chingerezi a m'masukulu a sekondale. Ndondomeko ya maphunziro a pulayimale imene inayamba mu 2004 inalowetsa Chingerezi kuyambira kalasi 6, pa nthawi imene aphunzitsi ochidziwa bwino anali ochepa.

M'zaka zomwezo maphunziro a zilankhulo ziwiri anali kuphuka. Pulojekiti yoyesera ya PEBIMO, imene inayendetsedwa ndi INDE kuyambira 1993 mpaka 1997, inagwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Xichangana ku Gaza. Kuyambira 2003 pulogalamuyi inalowa m'sukulu za boma m'zilankhulo 16, ndipo ku Niassa ndi ku Cabo Delgado bungwe la Progresso linathandiza pa kusula aphunzitsi ndi kukonza mabuku. Choncho mwana wa ku Lago amene anayamba kuwerenga m'Chinyanja kapena m'Chiyao, n'kuwolokera ku Chipwitikizi, ankakumana ndi Chingerezi ngati chilankhulo chachitatu.

Odzipereka a Peace Corps ankakhala zaka ziwiri, akulandira ndalama yongokwanira kudya, m'nyumba zopezedwa ndi sukulu kapena anthu a m'deralo. Mu Malichi 2020, chifukwa cha mliri wa Covid-19, bungweli linachotsa odzipereka ake onse m'maiko onse m'masiku ochepa. Chigamulocho chinapangidwa ku Washington. Mphunzitsi wamkulu wa sukulu analibe choti anene, ngakhale kuti dzina la mlendoyo linali pa ndandanda ya maphunziro a chaka chonse.

Magwero anayi a mikangano

Poyang'ana zaka zoposa 100 zimenezi, mikangano imabwerera pa zinthu zinayi.

Choyamba ndi kusadziwika kwa bwana weniweni. Mlendo amakhala ndi bungwe limene linamutumiza, mphunzitsi wamkulu wa sukulu kapena koleji, komanso ofesi ya maphunziro ya m'boma, SDEJT. Bungwe likamuitana ku msonkhano ku Lichinga kapena ku Maputo pa sabata ya mayeso, iye amamvera amene amamulipira. Mphunzitsi wamkulu amawona ngati wanyozedwa, pamene mlendo amawona ngati wangotsata lamulo la ntchito yake. Onse awiri akhoza kukhala olondola malinga ndi mapepala amene aliyense ali nawo, chifukwa mapepalawo analembedwa mosawerengerana.

Chachiwiri ndi kusiyana kwa malipiro ndi zokomera zina. Nthawi zambiri nkhani imakhala pa nyumba, galimoto, kompyuta ndi ndalama za ulendo kuposa malipiro enieniwo. Aphunzitsi a m'dziko muno akhala akudandaula za kuchedwa kwa ndalama za horas extras komanso za kasanjidwe ka malipiro ka TSU kamene kanayamba mu 2022. Munthu amene akudikira ndalama ya ntchito imene anagwira kale savutika kuwona kusiyana pamene mnzake wobwera akulipidwa pa tsiku lake. Mlendo nayenso ali ndi zodandaula zake: malonjezo a nyumba ya madzi ndi magetsi amene sakwaniritsidwa, maola owonjezeredwa amene sanali m'mgwirizano, ndi mapepala a chilolezo amene amachedwa mpaka iye kuwoneka ngati wophwanya lamulo.

Chachitatu ndi chilankhulo ndi kaphunzitsidwe. Aphunzitsi ambiri a Chingerezi ochokera kunja anasulidwa m'njira yonena kuti m'kalasi muzimveka Chingerezi chokhachokha. Njirayi inakonzedwera makalasi aang'ono a anthu ochokera m'maiko osiyanasiyana amene alibe chilankhulo china chofanana. M'kalasi ya ku Lago ana ambiri amalankhula Chinyanja chimodzi, ndipo kuletsa chilankhulocho ndiko kutaya chida chimene chili kale m'manja. Kumbali ina, aphunzitsi a kuno ena anazolowera kulemba malamulo a galamala pa bolodi n'kumasulira liwu ndi liwu m'Chipwitikizi, ndipo amawona nyimbo, masewero ndi kukambirana m'magulu ngati kutaya nthawi. Mkangano umakula pofika pa mayeso ndi malikisi, pamene mlendo akukana kusintha manambala amene wapereka, oyang'anira n'kumaganiza za chiwerengero cha okhoza chimene akatumize ku boma.

Chachinayi ndi nthawi. Akuluakulu amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Chaka choyamba mlendo amaphunzira malo, chaka chachiwiri amayamba kugwira bwino, kenaka amanyamuka. Chifukwa chodziwa kuti nthawi yake ndi yochepa, amafuna kusintha zinthu mofulumira. Anzake odziwa kuti adzatsala ndi zotsatira zake amachita mosamala, ndipo ena amangodikira kuti apite. Laibulale kapena kalabu ya Chingerezi imene inadalira munthu mmodzi imatsekeka iye akangokwera basi.

Zimene lamulo likunena

Lero ntchito ya mlendo siyendanso mwa chifuniro cha bishopu kapena cha kampani. Lamulo la ntchito la nambala 13/2023, limene linalowa m'malo mwa la 23/2007, limaika malire a chiwerengero cha alendo amene wolemba ntchito angatenge mongodziwitsa boma: 5 pa 100 alionse m'makampani aakulu, 8 m'apakati, 10 m'aang'ono ndi 15 m'ang'onoang'ono kwambiri. Wofuna kupitirira malirewo ayenera kupempha chilolezo ndi kusonyeza kuti m'dziko muno mulibe anthu okwanira a luso limenelo. Mgwirizano wa mlendo umakhala wa nthawi yodziwika, wosapitirira zaka ziwiri, ngakhale kuti ukhoza kuwonjezeredwa. Wokhala nthawi yaitali amafunikanso chiphaso chokhalira m'dziko, DIRE.

Malamulowa amakhudza makamaka sukulu ndi makoleji amene si a boma. Odzipereka ndi alangizi obwera kudzera m'mapangano a pakati pa boma ndi mabungwe amatsata zimene zinalembedwa m'mapanganowo, ndipo n'chifukwa chake n'kofunika kuti mphunzitsi wamkulu awone pepala limene mlendo wabwera nalo. Mkangano wa ntchito ukabuka pakati pa wolemba ndi wolembedwa, pali njira yoyanjanitsa kudzera ku COMAL isanafike nkhani ku khoti.

Pali chinthu chimodzi chimene chimafooketsa mlendo ngakhale akuwoneka wamphamvu. Chilolezo chake chimamangirizidwa ku ntchito yake, motero kuchotsedwa ntchito kumatanthauzanso kuchoka m'dziko. Ambiri amasankha kukhala chete kapena kungosiya osatsanzika. Zimenezi zimachitikiranso aphunzitsi ochokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Zimbabwe amene amaphunzitsa Chingerezi m'sukulu zimene si za boma. Iwo alibe bungwe lalikulu kumbuyo kwawo, ndipo amene alibe mapepala okwanira amavomera malipiro alionse chifukwa choopa kuneneredwa.

Kodi izi zikumukhudza bwanji mphunzitsi wa zilankhulo ziwiri?

Mphunzitsi amene amaphunzitsa m'Chinyanja ndi m'Chipwitikizi ndiye amadziwa mmene mwana amawolokera kuchoka m'chilankhulo china kupita ku china. Amadziwa mawu amene amasokoneza ana, monga kusiyanitsa l ndi r, kumene m'Chinyanja sikusintha tanthauzo koma m'Chipwitikizi ndi m'Chingerezi kumasintha. Amadziwanso kuti mwana amene wakhala chete m'kalasi nthawi zambiri akulemekeza wamkulu, osati kuti sakudziwa yankho. Mlendo amabwera ndi katchulidwe ka Chingerezi, mabuku ndi njira zina zophunzitsira, ndipo mwambi umavomereza kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumoko kamameta bwino pokhapokha mwini mudzi akasonyeza pometa.

Pali zinthu zingapo zimene sukulu kapena ZIP ingakonze mlendo asanalowe m'kalasi, ndipo sizifuna ndalama. Mphunzitsi wamkulu, mlendo ndi woimira bungwe lomutumiza akhale pansi n'kulemba pa pepala limodzi kuti mlendoyo aziphunzitsa makalasi ati, maola angati, tchuthi azipempha kwa ndani, ndipo pakabuka kusamvana nkhani izipita kwa yani. Agwirizanenso poyera za malo a Chinyanja, Chiyao ndi Chipwitikizi m'kalasi ya Chingerezi, kuti mwana asalangidwe m'phunziro lina chifukwa cha chilankhulo chimene akulimbikitsidwa kugwiritsa ntchito m'phunziro linzake. Kakonzedwe ka mayeso ndi kaperekedwe ka malikisi kafotokozedwe kumayambiriro kwa chaka, osati pa sabata yomaliza.

Mlendo aliyense akhale ndi mnzake wa pasukulupo amene azikonza naye maphunziro, kuwonerana pophunzitsa ndi kusunga limodzi makiyi a laibulale kapena zipangizo zimene zabwera ndi pulojekiti. Ntchito ya mnzakeyo ilembedwe ndi kuzindikiridwa, chifukwa mphunzitsi wa kuno akamamasulira, kuperekeza ndi kufotokozera mlendo tsiku ndi tsiku popanda dzina lake kuwoneka paliponse, chidani chimayamba mwakachetechete. Miyezi itatu mlendo asananyamuke, zonse zimene ankayendetsa zikhale zili kale m'manja mwa amene akutsala.

Malangizo omwewa amagwiranso ntchito pa mlendo wa mtundu wina amene amapezeka kawirikawiri m'boma la Lago: mphunzitsi wa ku Mozambique konkuno amene watumizidwa kuchokera ku Nampula, ku Zambézia kapena kum'mwera, wosadziwa Chinyanja kapena Chiyao, n'kupatsidwa kalasi ya zilankhulo ziwiri. Iye safuna DIRE, koma mavuto ake amafanana ndi a mnzake wochokera kutsidya la nyanja yamchere. Amasowa nyumba, samva zimene makolo akulankhula pa msonkhano, ndipo amawerenga miyezi kudikira transifa. Ngati anzake samuthandiza kuphunzira chilankhulo cha ana, kalasi yake imakhala ya zilankhulo ziwiri pa pepala pokha.

Augustine Ambali anafika kunyanja kuno ali mlendo wosamva Chinyanja, ndipo anakhalitsa mpaka ana amene anawaphunzitsa anakhala aphunzitsi m'midzi ya m'gombe lino. Anachiphunzira chilankhulocho kwa anthu wamba a m'mudzi amene anali ndi chipiriro chomuwongolera akalakwitsa. Ntchito yowongolerayo lero ili m'manja mwa aphunzitsi a zilankhulo ziwiri, chifukwa ndi iwo amene adzakhalabe ndi ana omwewo chaka chamawa.